Cham'kamwa cha Mkuwa

Chinali chaka cha dzombe, chimanga chitamasula ngayaye, pamene Kamtedza anaswa lamulo la atate ake. A Gwaza, mmisiri wosula zitsulo, anali atamuletsa kumanga kavalo wawo Mphezi ndi cham'kamwa chopota, chitsulo chocheka ngati mpeni. Iye anamangabe, nakwera kulowera kuphiri. Kavalo anabwerako yekha, magazi ali chuchuchu pamilomo.

"Ndinkafuna kulewa chilombo, iye anakoka zingwe," anatero Mphezi. "Ululu unandichititsa khungu, ndinamugwetsa pakhomo pa Chimezambuzi, chilombo cha mitu itatu. Mwezi ukaoneka chimudya."

Anamva mawuwo ndi Ndaziona yekha, mlongo wake wa Kamtedza, amene ankamwetera kavaloyo udzu. Anamutsuka mabala ndi madzi a mchere mpaka anapola, napita kwa atate ake.

"Atate, ndipatseni cham'kamwa."

"Iwe wokwera mtondo, lero ukwere kavalo?" anaseka a Gwaza, koma anayala zitsulo pamphasa.

Ndaziona sanasankhe ndi maso. Anapisa chala m'kamwa mwa Mphezi, napeza mpata wa nkhama pamene palibe mano. Anayeza kukula kwa kamwa ndi phesi la udzu, natola cha mkuwa, chosalala, cholumikiza pakati. Anachifunditsa m'khwapa kuti chisazizire lilime. Atachilowetsa m'kamwa mwa Mphezi, anakweza lamba wake pang'onopang'ono mpaka m'mphepete mwa mlomo munachita kakhwinya, nalekera pomwepo. A Gwaza analeka kuseka. Chopota chija mtsikanayo anachimanga pachingwe, nachibisa m'nsalu.

Anakwera Mphezi, nalowera kuphiri kuja. Pakhomo la phanga, Chimezambuzi chinatuluka chikununkhiza. Mutu wa kumanja unalumpha; Ndaziona anagwedeza zingwe ndi chala, Mphezi anapotoloka, mano analuma fumbi. Wa kumanzere unalumpha, unaluma mwala.

"Ndagi," anatero mtsikanayo.

"Gize, ndiwo yanga," unayankha mutu wa pakati.

"Mlendo wogona pakati pa mano koma osadyedwa."

"Woteroyo sanabadwe."

Mutuwo unayasama kuseka, ndipo Ndaziona anaponyamo chitsulo chopota, nakoka chingwe. Ululu unauchititsa khungu. Unaluma mnzake wa kumanja, unaluma wa kumanzere, iyonso inabwezera, mpaka makosi onse anaduka. Thupi linagwa, n'kusanduka chulu chofiira.

Kamtedza anatuluka m'phanga, natambasula dzanja kuti alandire zingwe za kavalo.

"Achimwene, khalani kumbuyo," anatero Ndaziona. "Manja anuwo agwire chiuno changa, osati kamwa la mnzanu Mphezi."

Anafika kumudzi mwezi usanaoneke, amayi awo nawalandira ndi nthungululu. A Gwaza anayang'ana milomo ya Mphezi, osapezapo dontho la magazi. Anatenga nyundo yawo, naiika m'manja mwa mwana wawo wamkazi. Kuyambira chaka cha dzombecho, aliyense wofuna cham'kamwa ankabwera ndi kavalo wake, nadikira panja mpaka chala cha Ndaziona chilowe m'kamwa mwa kavaloyo.