Choko pa Chitenje cha Nangondo

Ndagi! Chitseko cha kwathu chimayenda njira zitatu, koma ochiyang'ana amangoona imodzi. Musayankhe msanga. Yambani mwamva izi.

Panali mmisiri wina pachipatala chaching'ono cha kumapiri, amene ankasula zitsulo zochirikiza miyendo yovulala. Anali munthu waulemu, mwina mopitirira. Tsiku lina kunabwera mayi Nangondo akutsimphina, atatsamira paphewa la kamtsikana kawo. Bondo linkawathawa akamatsetsereka. Dimba lawo linali kumunsi kwa phiri, ndipo kabichi anali atayamba kufota.

Mmisiriyo anachita manyazi kuuza mkazi wa mwini kuti akweze chitenje. Anawakhazika pabenchi, nalemba timadontho ta choko pansalu pomwepo, pamene ankaganiza kuti pali mafupa. Anayeza kapindidwe ka mwendo katatu. Katatu konse nambala inatuluka yomweyo, mtima wake n'kukhala pansi. Anasula chitsulo n'kuwapatsa.

Patatha sabata mayi aja anabweranso, chitsulo chili m'manja, khungu litanyuka.

"Bambo, chinthu chanuchi n'chabwino pokhala pabenchi," anatero. "Kodi kabichi wanga ndizimuthirira pabenchi?"

"Komatu mayi, ndinayeza katatu."

"Munayeza katatu, ine ndagwa kanayi."

Mmisiri anaitana namwino, mayi mnzawo. Namwinoyo anapinda chitenje, nafufuza mafupa ndi zala, n'kuika madontho pamene fupa layandikana ndi khungu. Onse anatuluka kupita pamtsetse wa kuseri kwa chipatala. Mayi Nangondo akutsika, mmisiri anawaonera m'mbali, anawaonera kutsogolo, kenako anakwera pachulu n'kuwaonera pamwamba. Pamenepo anaona chitseko chija cha mu ndagi yathu. Bondo linkapinda, inde, koma linkapendekeranso mkati, n'kupotoloka pang'ono phazi likaponda. Njira ziwirizo benchi inazibisa.

Iye anayeza payekha, namwino payekha. Anafufuta madontho, m'mawa mwake n'kuyambiranso. Miyezo yonse itagwirizana, m'pamene anadula chitsulo.

Inu amene mukumva, nambala ikakubwererani yomweyo katatu, musafulumire kukondwa. Cholakwa nachonso chimadziwa kubwereza mawu ake osaphonya. Dzifunseni kaye ngati chala chanu chakhudzadi fupa, ndiponso ngati munthuyo mwamuona panjira imene amayenda tsiku ndi tsiku. Ulemu umene umamusiya mnzako akugwa paphiri ndi wofunika kuuyezanso.

Tsiku loyesa chitsulo chatsopano, mayi Nangondo anatsika mtsetse wonse osagwira munthu. Kamtsikana kaja kanali katatola pepala lakale la miyezo, ndipo kanalitembenuzatembenuza kasanakoke malaya a mmisiri.

"Bambo, nanga nambala yoyamba ija, yosasinthayi, inali ya ndani, ya bondo kapena ya chitenje?"