Lole ya a Simeon Ilowa Mpingo

Kwa Chulu panalibe amene sankadziwa kuti a Simeon ndi munthu wochenjera, poti eni akewo ankalengeza zimenezi tsiku ndi tsiku. Ankanena ali m'chigafa akusankha fodya, ankanena ali pa jeke akudinda mabelo, ngakhale pamaliro ankapeza kampata kokumbutsira anamalira kuti chibadwire palibe anawapusitsapo. Kulima kokha ankalimadi, pamenepo tisawanamizire. Mabelo awo ankapita kumsewu pa ngolo yokokedwa ndi ng'ombe ziwiri, Kapitawo ndi Sajeni, zomwe zinkadziwa njira yonse popanda chikwapu. Koma munthu wa nzeru zosefukira chotero n'kumayenda akuyang'ana michira ya ng'ombe? Chimenechi chinkawadya mumtima.

Chaka china fodya anayenda bwino ku okushoni. Ndalama zisanazizire n'komwe, a Simeon anakumana ndi Chancy, ejenti wa ku Kasungu boma amene ankaitanitsira anthu magalimoto kunja ndi kuwaombolera pachipata. Iyeyu anawaonetsa pa foni kalole koyera mbee, kali phee ku Japani, mtengo wake wokoma ngati wa njinga yamoto. Kuti ndalama zikwane, a Simeon anagulitsa ng'ombe zija pamodzi ndi ngolo yomwe kwa a Nelson, mnansi wawo wa kutsidya kwa dambo.

Akazi awo, a Feggie, anangofunsa funso limodzi akuswa mtedza pakhonde. "Bambo a Olive, mtengo mukuuonawo ndi wa ku Japani. Nanga wa kuno kwathu mwafunsa?"

"Mayi, inu zanu ndi za mtedza," anayankha a Simeon. "Za magalimotozi tisiyireni ife oyenda."

Lole inawoloka nyanja, inatsika ku Dalesalamu, inakwera mitunda ya ku Tanzania mpaka kufika pachipata cha Songwe. Pamenepo inaima, chifukwa galimoto yochokera kunja silowa m'dziko ngati mlendo wa pamaliro. Chancy anaimba foni n'kutchula msonkho. A Simeon anamuuza kuti abwereze, mwina ndi netiweki. Atabwereza, chiwerengero chinali chomwecho, chotsala pang'ono kufanana ndi mtengo wa lole yeniyeniyo.

"Boma linabwera liti kudzathirira nazale yanga?" anakalipa a Simeon akuzungulira pabwalo, nkhuku zili balala. "Linapha mbozi zingati m'munda mwanga muja? Lero lamva kununkhira, lafika ndi mbale yake!"

Chomvetsa chisoni n'chakuti ndalama ya msonkhoyo ikanapezeka. M'nyumba munali matumba a mtedza ndi soya, komanso panali ina imene anasungira malata a nyumba yatsopano. A Feggie anati, "Tiyeni tilipire, chinthucho chikhale chathu, tizigona tulo. Malata adikira, udzu sunatikane."

"Msonkho amalipira ndi anthu ogona," anatero a Simeon.

Chancy, poona kuti bwana wake akufuna njira yachidule, anawapezera. "Ilipo nzeru ina, bwana. Galimoto ikakhala ya ntchito za mpingo, a msonkho akaunika amatha kuikhululukira. Chofunika ndi dzina la mpingo pa mapepala. Dzina lokha basi. Makiyi ndi anu, chiwongolero ndi chanu."

A Simeon anaseka mpaka kutsokomola. Nzeru ya mtundu umenewu ndi imene ankaiyembekezera. Vuto linali limodzi. Mpingo umene anabatizidwiramo unali ndi akulu ampingo ofunsa mafunso mpaka munthu kumera imvi, ndipo bodza ankalimva fungo likadali kumanda kwa mudzi wina. Ndiye mwadzidzidzi mzimu unawagwira a Simeon. Lamulungu lotsatira anapezeka ali kutsogolo ku Mpingo wa Lipenga la Chisomo, umene unkapempherera m'golosale yakale pa msika, manja ali m'mwamba, maso ali tsinzini. Anthu anadabwa kuona kutembenuka mtima kwa liwiro lotero. A Feggie anakana kuwatsatira, anati iwo Mulungu wawo sanasamuke.

Woyang'anira nthambi imeneyi anali Abusa Prosper, munthu wa suti yonyezimira ndi nsapato zotha zidendene chifukwa choyendera nkhosa wapansi. Mapemphero atatha, a Simeon anawakokera kuseri kwa golosale n'kuwafotokozera zonse.

"Ndikungobwereka dzina, Abusa. Dzina lokha."

"Dzina lokha, bambo Simeon," anavomera abusawo akuwagwira dzanja ndi manja awiri. "Ife zapansi pano sitizisirira."

Mboni panalibe, poti zakuseri kwa golosale sizifuna mboni.

Patapita nthawi ya makalata ndi zidindo, lole inatulukira kwa Chulu fumbi lili koboo, ana akuithamangira. Chancy anali atamaliza zonse. Nambala za kuno zinali zitakhomedwa kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo bulu buku, chikalata chonena mwini galimoto, linali m'manja. Pamalo a mwini panalembedwa bwino lomwe kuti Mpingo wa Lipenga la Chisomo. A Simeon anaona, anaseka, anati taonani mmene boma lagonera. Chancy anawalangizanso kuti alembetse dzina la mpingo pa zitseko kuti apamsewu asamavute. Analembetsa ndi penti yofiira, malemba akuluakulu, n'kulipira okha wolembayo.

Lamulungu lake Abusa Prosper anaimitsa nyimbo pakati. "Abale ndi alongo, tulukani panja muone chimene Ambuye achita! Takhala tikupempherera galimoto, ndipo lero ayankha kudzera mwa mtumiki wawo, bambo Simeon!" Nthungululu zinamveka mpaka ku chigayo. Amayi anayala zitenje pansi kuti a Simeon apondepo. Gogo wina anawagwira miyendo akulira. A Simeon anayang'ana abusa, abusa anayang'ana kumwamba. Akanati chiyani pagulu lonselo? Kuti pepani abale, ine ndimangozemba msonkho? Anangomwetulira, mano ali pamtunda ngati mutu wa mbuzi yowawula.

Kuyambira pamenepo lole inayamba utumiki. Galimoto ya mpingo sikana maliro, ndipo anthu a kwa Chulu, ngati kuti anapangana, anayamba kumwalirira kutali. Wina ku chipatala cha ku boma, wina kwa Wimbe, wina ku esiteti ya kumalire. Kunja kukacha pakhomo pa a Simeon pamakhala pali kale munthu atavula chipewa. "Odi kuno! Abusa atituma. Akuti adalaivala akonzeke." Mwini lole anasanduka adalaivala. Kwaya ikafuna kukaimba kwina, inali lole. Njerwa za tchalitchi chatsopano, lole. Mkwati ndi anamkungwi ake, lole. Mafuta ankathira a Simeon, matayala ankagula a Simeon, malipiro awo anali akuti "Ambuye akudalitseni," ndipo amenewa ankawapatsa mosaumira.

Tsiku lina anapita kukadandaula. "Abusa, paja tinati dzina lokha."

"Inde, bambo Simeon, dzina lokha. Koma dzinalo ndi lolemera. Tikabweza mayi wamasiye ndi bokosi lake, anthu adzafunsa kuti kodi galimotoyi ndi ya yani kwenikweni. Ndipo mafunso otero amayenda, amakafika kumene sitikufuna."

A Simeon anamva bwino lomwe. Anabwerera kwawo ali ndwii, ndipo a Feggie anangowapatsa madzi osamba.

Nyengo yogulitsa fodya itafikanso, mabelo a a Simeon anaunjikana m'shedi. Tsiku limene anakonza zowanyamula, lole inali ku msonkhano wa amayi. Tsiku linalo inali ku ubatizo. Anzawo a ngolo ndi njinga anali atatumiza kale fodya wawo, pamene mwini galimoto yekha m'mudzimo anali akuthamangitsa makoswe pa mabelo. Apa mtima unawapsa. Anatenga mpeni ndi sandipepa, anapala dzina la mpingo pa zitseko zonse ziwiri, makiyi anamangirira pa lamba. Wotumidwa ndi abusa atabwera anamubweza ndi mawu oti salembeka. Ananyamula fodya wawo, kenaka anayamba kunyamula wa anthu ena pa hayala, m'mawa ndi masana, ndalama zikulowa. Anayambiranso kuyenda chifuwa chili patsogolo, akuuza aliyense pa msika kuti munthu wochenjera amabwereka makwerero, akakwera n'kuwakankha.

Amene anakanena kwa a msonkho sakudziwika mpaka lero. Ena amati ndi eni malole ena amene anawalanda makasitomala, ena amati a msonkho amayendera okha magalimoto amene anawakhululukira. Chodziwika n'chakuti a msonkho anafunsa ku likulu la mpingowo ku Lilongwe kuti lole yawo ikugwira ntchito yanji. Abishopu a mpingowo anadzidzimuka, chifukwa aka kanali koyamba kumva kuti ali ndi lole. Nkhani yokoma chotero sanaitumire munthu, ananyamuka okha.

Anakumana onse pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi tchalitchi chosafolera chija. Panali wa msonkho, Abishopu, Abusa Prosper, mpingo wonse, ndi anthu a pa msika amene anatseka mabenchi awo kuti asaphonye. Lole inaima pakati, zitseko zili ndi zipsera. A Feggie anaima kumbuyo kwa gulu, manja atapinda.

Wa msonkho anali mayi wodekha, wolankhula motsitsa mawu. Anayang'ana bulu buku, anayang'ana zitseko, kenaka anayang'ana a Simeon.

"Bambo, ine ndili ndi funso limodzi lokha, ndipo ndikufotokozereni kaye kuti muyankhe mukudziwa. Ngati galimotoyi ndi yanu, ndiye kuti inalowa mwachinyengo. Tiilanda lero lomwe, mulipira msonkho wonse ndi chindapusa pamwamba, ndipo nkhani ikhoza kukathera kukhoti. Ngati ndi ya mpingo, tingochenjeza eni ake kuti isamachite malonda, dzina libwerere pa zitseko, ife tizipita. Ndiye tiuzeni, galimotoyi ndi ya yani?"

A Simeon anayang'ana lole yawo. Anaona mabelo a chaka chonse, anaona Kapitawo ndi Sajeni, anaona m'mawa uliwonse umene anadzukira ku nazale mame ali m'miyendo. Anafunafuna nzeru m'mutu muja mmene munkasefukira, anapeza muli gwaa. Anayang'ana Abusa Prosper, koma abusawo anali otanganidwa ndi kuchotsa kaulusi pa suti.

"Ndi ya mpingo," ananong'ona.

"Pepani bambo, sindinamve."

"Ndi ya mpingo!"

"Aleluya!" anafuula Abishopu, ndipo nthungululu zinaphulika kuposa za tsiku loyamba lija. Anawakumbatira a Simeon, anawatcha Abulahamu wa kwa Chulu. Kenaka analengeza kuti poti mphatso ya mtengo wapatali chotero yayamba kupalidwa penti kumudzi kuno, ndi bwino ikasungidwe ku likulu, kumene kuli ntchito yaikulu yomanga. Anatambasula dzanja. A Simeon anamasula makiyi pa lamba n'kuwapereka, anthu akuwaombera m'manja.

Mpingo sunali wosayamika. Pamaso pa onse anawapatsa mpando wa ndalema wokhala ndi khushoni, woti azikhalira kutsogolo Lamulungu lililonse. Lole inanyamuka madzulo omwewo, kwaya itakwera kumbuyo kuiperekeza mpaka pa mphambano. A Simeon anatsala ataima m'fumbi, atagwira mpando wawo. Anayesa kuimbira Chancy, foni inangolira osayankhidwa.

M'shedi munali mutatsala mabelo a fodya womaliza. M'mawa mwake a Feggie anawoloka dambo, ndipo dzuwa lisanakwere ngolo ya a Nelson inalowa pabwalo, mabelu akulira. A Nelson anatchula mtengo wa hayala mwaulemu wonse, osachotsera ngakhale pang'ono. Kapitawo ndi Sajeni sanadikire kuuzidwa. Anakhota okha, anakaima pakhomo pa shedi pomwe ankaima kale, ndipo Sajeni anatambasula khosi n'kununkhiza malaya a mbuye wake wakale. A Simeon anatembenukira kukhoma, akuti m'maso mwawo munalowa fumbi la fodya.

Atamaliza kupakira, a Feggie anatuluka ndi mpando uja n'kuukweza pamwamba pa mabelo. "Khalirani apa, bambo a Olive," anatero. "Mwa zonse munaitanitsa ku Japani, chathu ndi chimenechi."

Ngolo inadutsa pa msika pang'onopang'ono, monga ziyendera ng'ombe, anthu akuvula zipewa kupereka moni kwa Abulahamu wa kwa Chulu. Munthu wochenjera uja anali pampando wake pamwamba pa mabelo. Zaka zonsezi ankalima fodya, koma kufikira tsikulo anali asanamvetse chimene akuluakulu ankatanthauza ponena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo.