Mdzukulu Amene Anadya Buledi Wosaphika

Kalekale, ana inu ndi akuluakulu omwe, kunali Namzeze, mbalame yosakhazikika. Mvula ikangokata, iye ulendo. Anafika kugombe kumene amadya chapati chopyapyala ngati tsamba, akumwera tiyi wonunkhira. Anafika kumapiri a kumpoto kumene buledi wake ndi wowawasa, wotambalala ngati lichero, ndiwo amathira pamwamba pomwepo, munthu n'kudya ndi mbale yomwe. Kummwera anamwa mahewu, nati mumtima, "Sangapose thobwa la amayi."

Chaka ndi chaka ankalonjeza kuti, "Amayi, ndidzakuphikirani buledi wotupa wa kutsidya kwa nyanja, mudzalawe."

Chaka china anabwereradi atanyamula ufa watirigu ndi chotupitsa m'chigoba cha nkhono. Anapeza pakhomo pali zii. Azakhali ake, a Njiwa, anamutengera kumanda. Pamtumbira wa amayi ake udzu unali utamera kale.

"Anakudikira," anatero a Njiwa. "Ankati, mwana wanga akubwera ndi buledi."

Namzeze anatula katundu wake pambali pa mtumbirawo. Kenako anati, "Azakhali, tichite sadaka yowakumbukira. Mudzi wonse udye buledi uja m'dzina lawo."

Tsono mudziwo unali ndi Nguluwe. Iyeyo ndiye anali mdzukulu, wokumba manda, poti mphuno yake inali khasu. Mwambo mukuudziwa: mdzukulu amadya poyamba, ndipo samanidwa. Koma Nguluwe akadya poyamba, wachiwiri kunalibe.

A Njiwa anaphika thobwa lodzaza mtsuko. Nguluwe anabwera. "Ndilawe, ndine mdzukulu." Gubu gubu gubu, mtsuko psiti.

Namzeze anakazinga chapati chodzaza dengu. Nguluwe anabwera. "Ndilawe, ndine mdzukulu." Phwamu phwamu phwamu, dengu psiti.

"A Nguluwe," anatero Namzeze, "nanga anzathu adya chiyani?"

"Iwe mwana wa malemu," anayankha Nguluwe akunyambita milomo, "pamene ine ndinkakumba manda a amako, unali kuti? Si unkadya zonona m'maiko a eni?"

Mawuwo anamulasa Namzeze, poti anali oona. Anayang'ana m'thumba. Ufa unatsala wochepa, wophika kamodzi kokha. Ukapitanso m'mimba mwa Nguluwe, lonjezo lija ligona m'manda pamodzi ndi mwini wake.

Apo anakumbukira zimene anaona kwa ophika buledi a kutsidya: ufa wokanda umafuna zotsekemera, pofunda ndi kudikira, ndipo ukayamba kutupa sufunsa kuti uli m'mbale ya yani.

M'mawa wa tsiku la sadaka anatapako ufa pang'ono, nasakaniza ndi gaga wambiri, uchi ndi chotupitsa chochuluka. Anakanda, anakanda, nakaika m'phanga la pachulu, la khomo lopapatiza. Anasonkhamo kamoto kuti mufunde. Ufa wabwino uja anaukanda padera, nauvundikira kwa azakhali.

Posakhalitsa, guduguduguduu, Nguluwe uja.

"Buledi ali kuti?"

"Ali m'phangamo, koma ndi wosaphika. Ayenera agone kaye pofunda, atupe."

"Chakudya chogona? Ndiye kwanuko mumachifunditsanso bulangeti? Akagona m'mimba mwangamu."

"Ndakuuzanitu, a Nguluwe."

"Wandiuza, ndamva, patuka."

Anadzipanikiza pakhomo paja, nthiti zikukhula dothi, mpaka analowa. Phwamu phwamu phwamu, mbale psiti. M'phangamo munali mofunda bwino, ndipo tulo tinamuba.

Nguluwe anagona, koma ufa sunagone. Mimba inayamba kulira, gululu gululu. Inatupa, inatupa, inakungika ngati ng'oma yowamba kumene. Atadzidzimuka, anamva fungo la buledi weniweni akupsa panja. Anathamangira pakhomo. Mphuno inatuluka, mutu unatuluka, mapewa anatuluka. Mimba inakana. Kubwerera m'mbuyo, inakananso.

Mudzi wonse unali utasonkhana pachulupo, buledi wotupa ali palichero, wofiirira, akutuluka nthunzi. Koma palibe anamukhudza, poti mwambo ndi mwambo. A Njiwa anasendera pafupi ndi mphuno ija, nagwada mwaulemu.

"Adzukulu, kodi mwadya?"

"Ndikokeni kaye!"

"Tikukokani. Koma anthuwa akudikira mawu anu. Mwadya?"

Nguluwe anafuna kukana, koma mimba inamuyankhira: gululuuu.

"Ndadya," anatero motsitsa.

"Mwamva nonse," anatero a Njiwa. "Mdzukulu wadya poyamba, ndipo sanamanidwe. Gawani."

Namzeze ananyema kachidutswa koyamba, nauluka nako yekha mpaka kumanda. Anazula udzu pamtumbira, nakaika pansi.

"Amayi, ndachedwa. Buledi uja ndi uyu."

Atabwerera anapeza aliyense akutafuna kake, ngakhale Nyerere. Anadya mwakachetechete, monga zimayenera pa sadaka, kupatula ng'oma ija ya pachulu imene inalira mpaka madzulo.

N'chifukwa chake mpaka lero Nguluwe amayenda akugeya, ndipo Namzeze, kulikonse kumene wapita, amabwerera kwawo kudzakanda dothi pansi pa denga, chisa chake chozungulira ngati kauvuni.

Nthano yanga yapsa, ndaiphula. Amene mwambo wamupatsa mbale yoyamba, ayambe wayeza khomo limene adzatulukire.