Chingwe cha mamita khumi ndi awiri

Panali munthu wina wokumba zitsime. Sukulu sanapite nayo patali, koma anali ndi kalembedwe kakekake. Pamwamba pa nthaka ankati ndi ziro. Akakumba, ankalemba pakhoma ndi khala nambala yokhala ndi kamzere kutsogolo, kusonyeza kuti watsika. Dothi likagumukira m'dzenje, ankalemba nambala yopanda kamzere, chifukwa dzenje lafupika.

Chaka china anakumba chitsime pakhomo pake. Sabata yoyamba analemba -9. Yachiwiri anawonjezera, pakhoma panaoneka -9 + -3.

Tsiku lina chingwe chake chakale chinaduka. Iye anatuma mng'ono wake kukagula china kumsika, ulendo wa maola awiri panjinga. Ntchito sanafune kuimitsa, choncho anatsikira m'dzenje popondera timaenje ta m'mbali.

Mng'onoyo anayang'ana pakhoma. Kamzere kachiwiri kaja kanali katapanikizika pambali pa kamtanda, ndipo iye anakayesa litsiro. Anakopera papepala -9 + 3.

"Dothi linagumuka mamita atatu," anatero. "Asanu ndi limodzi akwana."

Mkazi wa wokumbayo anali akusenda chinangwa pakhonde. Anadzuka, natola khala, nakuta -3 uja ndi timizere tiwiri tokhota, uku ndi uku.

"Alamu, kamzere aka ndi ka nambalayi. Akulu anu anatsika kawiri. Gulani khumi ndi awiri, muwonjezerepo ena omangira pamtengo."

"Inu mlamu, mwayamba liti uphunzitsi?"

Mng'onoyo anaseka, koma anagula monga anauzidwa, kwinaku akung'ung'udza.

Pobwera anapeza anthu atazungulira chitsime. Madzi anali atatumphuka mwamphamvu, mbali ya timaenje ija itagumuka. Munthu uja anali pansi, madzi ali m'chifuwa. Anthu anali atalumikiza zitenje, koma zinang'ambika. Anaponya chingwe chatsopano chija. Chinafika m'manja mwake, ndipo anamukoka.

Ana inu, munthu ameneyo anali bambo anga. Ine ndinabadwa patapita zaka ziwiri. Ndikamaima pano ndi choko m'manja, ndimathokoza mayi anga chifukwa cha timizere tiwiri ta khala, ndipo sindichita manyazi kunena.

Tsono ndikamakuvutitsani kuti mulembe (-9) + (-3), musamati aphunzitsi akusowa chochita. Kamtanda kakukuuzani kuti muphatikize. Kamzere kakukuuzani kuti nambalayo ili pansi pa ziro. Mabulaketi, timizere tokhota tija, amasunga kamzereko pamodzi ndi nambala yake kuti kasasochere. Mukatsika mamita asanu ndi anayi, n'kutsikanso atatu, muli pa -12, osati pa -6.

Inu a kumbuyoko, amene mumati mabulaketi amangotha inki, tsegulani makope. Musanasiye kamzere kalikonse, muzikumbukira kuti pansi pa dzenje pali munthu akudikira chingwe.