Mmisiri Amene Anawongola Bambo Ake

Panali munthu wina, mmisiri wa matabwa, pa tauni yaing'ono ya m'tsinde mwa phiri. Dzina lake anali Lufeyo. Zitseko zake sizinkakhula pansi, mipando yake sinkagwedera, ndipo iye ankazidziwa zimenezi kuposa wina aliyense. Chinthu chokhota ankadana nacho ngati chamutukwana. Thabwa likapindika, ankalinyowetsa ndi madzi, n'kuliyala padzuwa, n'kulisanjikiza miyala mpaka litagonja. Ankakonda kunena kuti kulibe thabwa louma mutu, kuli mmisiri waulesi basi.

Pakhomo pake pankakhala bambo ake, a Kachingwe. Pa unyamata wawo ankacheka matabwa kuphiri n'kumatsika nawo pamutu, ndipo ana awo onse anakulira matabwa amenewo. Atakalamba, msana unayamba kuwerama. Unayambira pakati pa mapewa, pang'onopang'ono, mpaka chibwano chinayandikira chifuwa. Malaya ankalendewera kutsogolo, kumbuyo n'kukwera. Akafuna kuona munthu kumaso, ankapotoza khosi chammbali. Koma ankayenda. Ankasesa utuchi pashedi yopaliramo matabwa, ankamwaza gaga wa nkhuku, Lamulungu ankafika kutchalitchi ndi ndodo yawo nyimbo yoyamba isanathe.

Kuchipatala anamwino ananena kuti ndi ukalamba. Mafupa a msana akakalamba amafooka n'kutitimira chakutsogolo, ngati njerwa zosapsa bwino. Anati mkuluyo aziyenda, aziwothera dzuwa, asanyamule zolemera, ndipo wina asayerekeze kuwakakamiza kuti awongoke.

Koma tauni ili ndi chipatala chakechake, ndicho pakamwa pa anthu, ndipo kumeneko matenda amadziwika wodwala asanafike. Ntchito ya Lufeyo itayamba kuyenda bwino, manong'onong'o anayambanso kuyenda. Ankati mnyamatayo anakhwima, ndipo chizimba chake ndi bambo ake omubala. Ankati pamsana pa nkhalambayo pali matabwa osaoneka ndi maso, ikusenza chuma cha mwana. Lufeyo akagula makina atsopano, ankakodolana n'kumati taonani, mkulu uja wawonjeza kuwerama. Amayi akamadutsa pashedi ankakokera ana awo tsidya lina la msewu. Mayi wina anabweza bedi lomwe anali ataitanitsa, akuti sangagone pa matabwa ochokera pamsana pa munthu wamoyo. Kutchalitchi, benchi la Lufeyo linayamba kukhala ndi malo ambiri.

Zonsezi zinali bodza. Lufeyo sanapondeko kwa sing'anga chibadwire, ndipo bodzalo linkamupweteka mumtima mpaka chakudya kuleka kukoma. Dzina lake labwino, limene analipala ndi manja ake, linali kuwola iye akuona. Koma mkwiyo ndi wamantha, umasankha munthu amene sangabwezere. Lufeyo sanapite kukalimbana ndi amiseche. M'malo mwake anayamba kuyang'ana msana wa bambo ake atatsinzina diso limodzi.

Mkazi wake, Nachisale, anaona. Tsiku lina anati, “Abambo, diso limenelo ndi loyang'anira matabwa. Musawayang'ane nalo apongozi anga.”

“Atawongoka, anthuwa angatseke pakamwa,” anatero Lufeyo.

“Kuwongola mtengo n'poyamba. Inu simukudziwa zimenezo?”

“Amatero ndi anthu osadziwa mitengo.”

Linali tsiku la mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, Nachisale atapita kuchigayo. Mphepo kunalibe. Nkhuku zinali zitabisala pansi pa nkhokwe, milomo yasa, ndipo nyenje zinkalira mumtengo wa mango osapumira. Lufeyo anayala thabwa lalikulu la mlombwa kuseri kwa shedi. Anatenthetsa madzi, anakonza nsalu, anasonkhanitsa malegeni omangira katundu panjinga. Ndiyeno anaitana bambo ake n'kuwafotokozera, mwaulemu ndithu, monga mmene ankafotokozera munthu wodzagula chitseko.

A Kachingwe anayang'ana thabwalo nthawi yaitali. Mphekesera zija anali atazimva kalekale, pakuti anthu amaganiza kuti wowerama ndi wogonthanso.

“Zikuthandiza iwe, mwana wanga?” anafunsa.

“Zitithandiza tonse, bambo.”

“Chabwino. Ndigwire dzanja ndigone.”

Anawagoneka chagada. Msana unakhudza thabwa pamalo amodzi okha, mutu uli m'mwamba, mawondo ali m'mwamba. Lufeyo anawathowa ndi madzi ofunda. Anamanga legeni m'chiuno, lina m'mawondo, lina pachifuwa kudutsa m'mapewa, nayamba kukoka pang'onopang'ono. Mkuluyo sanalire. Ankangopumira m'mano, thukuta likutsikira m'makutu. Mutu unatsika pang'ono. Lufeyo anaona kuti zikutheka, mtima unamudumpha ndi chimwemwe, ndipo anatsamira pamapewapo ndi thupi lake lonse.

Kunamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu waponda phesi louma. Nyenje zinasiya kulira nthawi yomweyo.

A Kachingwe anali atagona mowongoka, kuyambira kunkhongo mpaka kuchidendene. Maso awo anali kumwamba, kumene anali asanakuone bwino zaka zambiri.

“Kumwamba kunakula chonchi?” anatero, mawu ali pansipansi. Kenako anafunsa kuti, “Lufeyo, miyendo yanga waiika kuti?”

Atathamangira nawo kuchipatala, madokotala ananena kuti msana wathyoka ndipo palibe chochita. Lufeyo anabwerera nawo kunyumba n'kuwagoneka pamphasa. Nachisale ankawasambitsa ndi kuwatembenuza, misozi ili mbwembwembwe, mwamuna wake osamuyankhula. Ndipo pano ndiyenera kunena chinthu chonyansa, chifukwa chinachitika. Lufeyo ankasiya chitseko chotsegula masana, kuti odutsa aone kuti mkuluyo ndi wowongoka. Ena anasuzumiradi. Palibe amene anamuyamikira.

Mvula yoyamba isanagwe, a Kachingwe anatsamira mkono.

Bokosi analipanga Lufeyo mwini, la mbawa, lalitali, losalala, lowongoka ngati chingwe. Adzukulu, amene ntchito yawo ndi kusambitsa ndi kuika maliro, anagoneka mtembo m'menemo ndipo unakwana bwinobwino. Anthu anaona nkhope. Mlaliki anamaliza. Dzuwa lili pamutu, adzukulu anaika chivundikiro kuti akhome.

Chivundikirocho chinatukuka chakumutu.

Sichinatukuke mwamphamvu ayi. Chinakwera pang'onopang'ono, kampata kolowa chala, kenako kolowa dzanja. Mdzukulu wina anachikanikiza, chinatsika. Atachotsa dzanja, chinakweranso. Amayi amene ankaimba m'nyumba ya siwa anasiyira nyimbo pakati. Panali zii, moti munthu ankamva matabwa akulira m'malumikizo. Atavundukula, anapeza a Kachingwe atawerama monga kale, mutu utadzuka, mawondo atakwera, chibwano chili pachifuwa. Nkhope yawo inalibe ukali. Inali ya munthu amene wapeza kagonedwe kake.

Lufeyo anaziona zonsezi ndi maso ake. Komabe dzanja lake, mwa chizolowezi, linapita ku misomali itali-itali imene inali m'thumba.

Mkulu wa adzukulu anamugwira pamkono. “Ayi, achimwene. Kamodzi kaja n'kokwana. Bokosi timayeza pa munthu, sitiyeza munthu pa bokosi. Kapangeni lina. Tidikira.”

Anthu anadikira padzuwa, palibe anachoka. Lufeyo anatulutsa tepi, koma tepi inakana kutsata msana umenewo. Anaiika pansi n'kuyeza ndi chikhatho. Aka kanali koyamba kugwira msana wa bambo ake popanda kufuna kuusintha. Anatsata fupa ndi fupa, kuchokera m'chiuno kukwera mpaka pakhosi, ndipo anaona kuti unali waung'ono, wopepuka, wosalimba kuposa mmene ankaganizira. Pamalo pamene panathyoka, dzanja lake linaima, ndipo analira ngati mwana, pamaso pa tauni yonse.

Anapanga bokosi lalifupi, lotakata, lakuya, losaoneka bwino m'pang'ono pomwe. Anawagoneka chammbali, atapinda mawondo, monga ankagonera ali moyo. Chivundikiro chinakhala phee, ndipo misomali inalowa mosavuta.

Pobwera kumanda, Lufeyo anamva amayi awiri kumbuyo kwake akunong'onezana kuti mwaona, ngakhale atafa katundu uja sanamutule. Dzina lake silinapulumuke. Koma mawuwo sanamulase monga kale. Chimene chinkamudya tsopano, ndipo chinamudya mpaka imvi, chinali chakuti bambo ake anadziwa zimene thabwa lija lidzachite, komabe anavomera okha kugonapo.

Inu amene muli ndi nkhalamba pakhomo, imvani. Msana wowerama si mlandu woti wina auyankhe, ndiponso si ntchito yolakwika yoti muikonze. Ndi zaka, ndi katundu amene munadya inuyo. Akulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Anthu akayamba kuloza chala kholo lanu, imani pakati pa chalacho ndi kholo lanulo. Litsitsireni mpando, lifupikitsireni ndodo, pitani nalo kuchipatala, ndipo mukafuna kuti likuoneni kumaso, weramani ndinu, poti msana wanu ukadalola. Ndipo chenjerani ndi kuvomera kwa nkhalamba. Imatha kukuuzani kuti chabwino pa chinthu chimene chiiphe, chifukwa choti wapempha ndi mwana wake.