Tsamba Lomwe Koleji Anang'amba

Mushopu yofotokopa mapepala ya pangodya ija, mpando wa mnyamata woyendetsa makina unkakhala wozizira tsiku lonse. Mwini wake sankaukhalira. Ankaima, n'kupita pakhomo, n'kubwerera, n'kuyatsa foni, n'kuizimitsa, ngati nkhuku yosowa poikira dzira. Anthu onse a mumsewuwo ankamuitana Koleji, chifukwa anapitako zaka ziwiri n'kubwerako chimanjamanja. Dzinalo linayamba ngati chitonzo, koma chitonzo chikakhalitsa chimasanduka malaya. Iye anangolivala.

Chimene chinamubweza kukolejiko ndi matenda a bambo ake, amene anali okonza mawotchi. Anabwera kudzadwazika, mayeso anamudutsa, maliro anachitika, ndipo mtima wobwerera unatsala kumanda komweko. Kuyambira pamenepo, mpata uliwonse umene makasitomala amusiyira, ankaugwiritsa ntchito polemba buku la bambo akewo pakompyuta ya mushopu. Mantha ake anali amodzi: anali atayamba kuiwala mawu awo. Nkhope ankaiona pachithunzi, koma mmene ankaitanira munthu, mmene ankatsokomolera asanakane chinthu, zinkasuluka ngati inki ya risiti yakale. Ankafuna kuwatsekera m'buku asanathere kuthawa.

Masamba atakwana mazana awiri, anawamanga ndi mphira n'kukawasiya kukampani ina yaing'ono yosindikiza mabuku, imene inali pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Masabata asanu ndi limodzi amene anadikira yankho anamudya kuposa njala. Foni ikalira, ankaithamangira, koma nthawi zonse anali munthu wofunsa ngati makina achira.

Tsiku limene anamuitana, anakwera masitepe awiriawiri. Mkonzi wa mabuku anali mayi wachikulire, wa magalasi olendewera pachingwe, ndipo pamaso pake panali mtolo wake uja. Koleji anauyang'anitsitsa. Masamba onse anali magazi okhaokha a cholembera chofiira.

Mayiyo sanazungulire. Anati dzanja lolemba ali nalo, ndipo n'chifukwa chake anamuitana m'malo mongomutumizira kalata. Koma anamuonetsa mmene mawu akuti "wachifundo" anabwerera kangapo pa tsamba limodzi, n'kunena kuti wowerenga sauzidwa kuti munthu ndi wachifundo, amaonetsedwa munthuyo akugawa chinthu chimene iye mwini akuchifuna. Anati anthu a m'bukumo onse akuyankhula ngati ali paguwa, palibe wodula mnzake pakamwa, palibe woiwala chimene amafuna kunena. Anamulangiza kuti aziwerenga zolemba zake mokweza, chifukwa khutu limagwira bodza limene diso lalilekerera. Kenako anavula magalasi.

"Achimwene, bambo anu m'bukumu sanalakwepo ngakhale kamodzi. Sakwiya, saiwala, sanama. Munthu wotere sitingamulire, chifukwa sanakhalepo ndi moyo."

"Inu simunawadziwe bambo anga," anatero Koleji.

"Ndicho chimene ndikudandaula. Ndawerenga masamba mazana awiri, sindinawadziwebe. Kupatula apa."

Anasolola tsamba la 83, lokhalo limene linalibe zofiira zambiri. Koleji analidziwa asanaliyang'ane. Analilemba tsiku lina mvula itatsekereza makasitomala, ndipo sanaliwerengenso. Linali la m'chipatala. Bambo ake, atatopa ndi kuyang'aniridwa, anamuuza kuti abwerere kusukulu asiye kuwazungulira ngati khwangwala pamtengo wa mango. Iye anayankha kuti moyo wawo wonse akhala akumvetsera mawotchi a eni ake, koma mwana wawo sanamumvetserepo. Bambowo anati wotchi ili ndi ubwino umodzi, siyankha mwano. Patapita kanthawi anatambasula dzanja. Pamkono pawo panali wotchi yakale, ya mtundu wofunika kuikunga m'mawa uliwonse popotokola kachitsulo ka m'mbali, ndipo zala zawo zinali zitafooka. Anamupempha kuti awakungire. Koleji anayang'ana dzanjalo, natuluka osalikhudza. Anabwerako patapita masiku awiri, bedi litayalulidwa.

"Buku lanu lili apa," anatero mkonziyo. "Enawa ndi maluwa a pamanda."

Anamuuza kuti alisiye kaye miyezi itatu osalitsegula, akakhale pansi ndi amayi ake awafunse zimene iye sakuzidziwa, kenako alilembenso kuyambira patsamba limenelo. Akatero, iwo adzaliwerenganso ndi mtima wofuna kulitenga. Anamuchenjezanso chinthu chimodzi, nachibwereza kawiri: asalisindikize kwina. Kampani yawo, monga zina zambiri, sitenga buku limene latuluka kale ndi chikuto n'kugulitsidwa.

Koleji anamva miyezi itatu yokhayo. Tsiku lokwanira chaka bambo ake chimwalirireni linali litatsala masabata asanu ndi awiri, ndipo iye anali atalumbira mumtima kuti pa tsikulo adzaika buku m'manja mwa amayi ake. Anatsika masitepe mtolo uli kukhwapa, osatsazika. Njira yonse ankakangana ndi mayi uja m'mutu mwake, ndipo m'mutumo ankapambana bwino kwambiri.

Mwini shopu, bambo wa mimba yake ndi kuseka kwake, anali atangogula makina omatira mabuku amene anali asanapeze ntchito. Anawerenga tsamba loyamba la mtolowo, nadumphira lotsiriza, n'kumenya tebulo.

"A Koleji, uwu ndi moto! Amayi amenewo ndi nsanje chabe. Munthu wolemba ndi cholembera chofiira mudamuona atalemba buku lake? Tilitulutsa konkuno, sabata ino."

Mawu amenewo anatsika ngati madzi ozizira pakhosi louma. Koleji sanadzifunse kuti munthu angaone bwanji moto m'nyumba imene wangosuzumira pakhomo ndi pazenera lakuseri. Masana omwewo anatenga tsamba la 83, naling'amba pakati, naling'ambanso, mpaka tizidutswa tinakwana m'dzanja limodzi. Analifufutanso pakompyuta. Anadziuza kuti akuteteza ulemu wa bambo ake. Koma amene ankabisidwa patsambalo sanali bambowo.

Mabuku makumi asanu ndi limodzi anatuluka, onunkhira guluu, a chikuto chonyezimira. Pachikutopo panali bambo ake atavala tayi, imene anabwereka kamodzi kokha pojambulitsa chithunzi cha chiphaso. Mabukuwo anaikidwa pakauntala. Oyandikana nawo anagula, namugwira chanza, namuuza kuti bambo ake akanakondwa. Iye ankayendayenda mumsewu kudikira kuti wina amuuze mbali imene yamukhudza. Palibe amene anatchula mbali. Tsiku lina anaona buku lake kwa telala wa khomo lachiwiri, litachirikiza zenera kuti lisamenyedwe ndi mphepo, msana wake uli wosapindika ngati wa munthu amene sanagwirepo khasu. Anadutsa mofulumira, kunamizira kuti sanaone.

Tsiku lija linafika. Masana ake anakhala atatu pabalaza: iye, mlongo wake wamkulu, ndi amayi awo. Pakona panali pakadali tebulo la ntchito la malemuwo, ndi chitini cha mawotchi amene eni ake sanabwere kudzatenga. Maso a amayiwo anali atayamba kuchita nkhungu, choncho mlongoyo ndiye ankawerenga mokweza, iwo akupinda zovala zochapa. Koleji anakhala, naima, natsamira chitseko, nakhalanso.

Mutu woyamba unatha. Wachiwiri unatha. M'kati mwa wachitatu, pamene bambo wa m'bukumo ankalangiza ana ake mofatsa za ubwino wa kudekha, mlongoyo anatsamwa, nabisa pakamwa ndi buku. Amayi anaika malaya pamwendo.

"Ima kaye. Bambo ameneyu ndi wabwino ndithu. Ndi wa kuti?"

"Amayi, ndi ababa," anatero Koleji.

"Abambo ako? Amene anaponya wailesi panja chifukwa yanena kuti kugwa mvula, iwo atayanika kale matiresi? Amene anakhala sabata yathunthu osandiyankhula chifukwa ndinasuntha kasikuludiraiva kawo?" Anaseka pang'ono, kenako kusekako kunasweka pakati. "Mwanawe, munthu wabwino chonchi ine sindikanakhala naye zaka makumi atatu. Ndikanafa ndi tulo. Ndimayesa wandibweretsera mwamuna wanga. Chaka chonse ndakhala ndikudikira kumva mawu ake, ngakhale akundikalipira."

Sanakalipe. Anatola malaya aja n'kupitiriza kupinda, ndipo chimenecho chinapweteka kuposa mbama. Mlongoyo anatseka bukulo mwakachetechete naliika patebulo la mawotchi akufa. Koleji anatuluka, nayenda mpaka msewu unatha, nabwerera, nayambanso. Anayesa kukumbukira tsamba lija liwu ndi liwu. Ankapeza mutu ndi mchira, koma pakati pake, pamene panali mpweya wa bambo ake, panali pataguluka.

M'mawa mwake anakweranso masitepe a pamwamba pa sitolo ya mankhwala, ulendo uno imodziimodzi. Anaika buku lonyezimiralo patebulo la mkonzi, osakhala pansi. Mayiyo anavala magalasi, nayang'ana chikuto, natembenuza kumbuyo, nafunsa ngati lagulitsidwa. Iye anavomera ndi mutu. Mayiyo anapumira m'mwamba, namuuza mosabisa kuti khomo la buku limenelo latsekeka, ndipo si iwo amene alitseka. Kenako anatsegula pamene panayenera kukhala tsamba lija, nawerenga mizere iwiri, nayang'ana mnyamatayo.

"Ndinaling'amba," anatero Koleji. "Ndi pakompyuta pomwe. Mulibe ababa m'bukumo, amayi anga anena. Ndipo pamene analipo ndi pamene ndinataya."

Mkonziyo sananene kuti ndinakuuzani. Anakoka kabati ya pansi, imene inatseguka mokakamira, natulutsa chikwatu chopyapyala. Anati mtolo uliwonse umene amabweza, ngati muli tsamba lamoyo, amalifotokopa n'kulisunga, chifukwa alembi achinyamata ali ndi chizolowezi chopha mwana wawo wabwino n'kulera zidole. Anati chikwatucho n'chopyapyala chifukwa mitolo yambiri ilibe tsamba lotero. Anapatsa Koleji pepala limodzi.

Linali lomwelo. Khwangwala analipo, mwano unalipo, dzanja lotambasuka linalipo. Pansi pake, pakopepo, mayiyo anali atalemba funso limodzi ndi cholembera chake chija, funso limene tsiku loyamba lija Koleji sanakhalitse kuti alimve: *Nanga wotchiyo anaikunga ndani?*

"Sindikudziwa," anatero, mawu ali pansi.

"N'chifukwa chake ndinati mukafunse. Wolemba nkhani salemba zimene akudziwa zokha. Amapita kukagogoda pamene akuopa. Lija lapita, achimwene. Lembani lina. Ndipo nthawi ino mukhale pansi."

Anapeza amayi ake akusesa pakhonde. Anawalanda tsache, nawakhazika pampando, nawawerengera tsambalo mokweza, lonse, osadumpha ngakhale mawu ake amwano aja. Anali asanauzepo munthu aliyense wa pabanjapo kuti anatuluka m'chipatala muja osakhudza dzanja la bambo ake. Atamaliza sanadzutse mutu. Anangofunsa funso la mkonzi lija.

Mapewa a amayiwo anayamba kugwedezeka.

"Anaikunga okha. Ndi mano. Ine ndinati bweretsani ndikuthandizeni, anandikana, ati zala zanga n'za mtondo. Analuma kachitsulo kaja n'kumapotokola mkono wonse, uku akukutukwana kuti uli ndi mutu wouma ngati wa bambo ako. Atamaliza anayang'ana nthawi, n'kunena kuti, 'Akathamanga, basi ya folo koloko aipeza. Mwamupatsa jekete?'"

Koleji anakhala pansi pomwepo, pasimenti, ndipo kwa nthawi yoyamba m'chaka chonse miyendo yake sinafune kupita kulikonse. Analira mpaka amayi ake anamuuza kuti akunyowetsa pepala la eni ake. Kenako anatenga cholembera m'thumba, natembenuza pepalalo, nati, "Nenaninso za wailesi ija. Pang'onopang'ono."

Mabuku otsala aja akadali m'katoni pansi pa kauntala, ndipo mwini shopu, amene anaona moto, sanafunsepo kuti motowo unazimira pati. Latsopanolo likuyenda ngati nkhono, ndipo mutu uliwonse umabwerako pamwamba pa sitolo ya mankhwala uli wofiira. Koleji amaulandira ndi manja awiri. Anaphunzira mochedwa, buku limodzi litatayika, kuti amene anamusisita pamsana anamuperekeza kuphompho akumwetulira, pamene amene anamupweteka ndiye anamusungira bambo ake m'kabati. Akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.