Kalata ya Malemu Faniwelo

Panalitu munthu wina, amangwetu, dzina lake Yotamu. Tsitsani kawailesiko mumve bwino. Ine ndinalekezera Sitandade 7, koma izi ngakhale a digirii amadzafunsa kwa ine.

Yotamuyu ankafuna ntchito yolemba mabelo pa kampani ina ya fodya. Koma kalata yofunsira ntchito inamukanika. Akalemba mizere iwiri, wang'amba pepala. Si aliyense ali ndi mutu ngati wangawu.

Sabata yomweyo anali ataika mkulu wake, Faniwelo, munthu wa Folomu 4. Asanamete n'komwe maliro, Yotamu anatsegula sutikesi ya malemu. Anapezamo satifiketi ndi kalata yolembalemba kale, yopita ku kampani yomwe ija, yongosowa kutumiza. Malembo oimirira ngati asilikali. Kumapeto inati: "Ndine wokonzeka kubwera tsiku lililonse mungandiitane."

Yotamu anangofuta nambala ya foni n'kulembapo yake. Dzina analisiya lomwelo. Anatumiza.

Lachiwiri anamuimbira. Lachinayi m'mawa, dzuwa lili phwee, anafika pageti atapisira malaya.

"Dzina?" anafunsa mlonda.

"Faniwelo Chikadza."

Mlonda anayang'ana m'buku, n'kumuyang'ananso iye. "A Chikadza alowa kale. Asaina apa."

Malembo oimirira aja. Inki isanaume.

Yotamu anazungulira kuseri, n'kusuzumira pazenera la ofesi. Mabwana atatu patebulo, akugwedeza mitu mokhutira. Kutsogolo kwawo munthu wakhala mowongoka, manja pamaondo. Suti yakuda ija anamuveka Faniwelo m'bokosi. Dothi lofiira m'mapewa. Thonje likadali m'mphuno. Ndipo mafunso akuyankha bwinotu, Chingerezi chosapunthwa.

Ntchito anamulemba pomwepo.

Munthu uja anatuluka pang'onopang'ono, osaponda mwamphamvu, mpaka anaima pafupi ndi Yotamu. Mphepo yozizira ngati watsegula fuliji.

"Mng'ono wanga, zikomo ponditumizira kalata. Andiitana, ndabwera. Ndiyamba Lolemba."

Anasasa dothi paphewa, n'kupitiriza.

"Koma kumene ndachokaku salola malo kukhala opanda munthu. Ndawapatsa dzina lako, poti iwe unatenga langa. Akuimbira pa nambala unalemba ija."

M'thumba la Yotamu foni inayamba kulira.

Ndiye inu, a Binwelo, musandiyang'ane ngati simukumva. Envelopu mwabisa m'jeketemo ndaiona, ndipo dzina lili pamenepo si lanu. Lembani kalata yanuyanu. Nenani zimene mumatha: ngati n'kunyamula, kunyamula, ngati n'kusesa, kusesa. Malembo apindike ngati mapazi a nkhuku, bola akaitana abwere ndinu nokha. Yanga ndinalemba ndekha, mizere isanu, yamphamvu kwabasi. Sanandiyankhebe mpaka pano, mwina akuiopa. Koma foni yanga ikalira, ndimayankha osayang'ana kumbuyo.